Tsamba Limodzi M'buku la Ana a Sitandade 7

"Sindikunena buku lonse ayi, chemwali. Tsamba limodzi lokha."

Nasir ananena izi atakhala pampando wa malemu, kofia ili pabondo. Kunja amayi anali kukwecha miphika ya sadaka ya tsiku lachitatu, ndipo phokoso la mchenga pachitsulo linkalowa m'mutu. Mlongo wake Hidaya anali pamphasa atatsamira khoma. Chiyambire Lachinayi, pamene mwamuna wake, Aphunzitsi Yunus Wadi, anagwa akulemba pabolodi n'kuikidwa m'manda dzuwa lisanalowe, aliyense wolowa m'nyumbamo ankabwera ndi mawu ofuna yankho, ndipo mayankho anali atamuthera.

"Mukundimva kodi?"

"Ndikumva, achimwene. Bukulo sindinalitsegulepo."

"Ndiye zili bwino. Mungodula osawerenga."

Buku lake linali pansi pa tebulo, m'katoni ya sopo, pamwamba pa makope a ana. Nkhani yake inayamba temu yatha. Kunabwera anthu a bungwe lina pagalimoto yoyera, n'kuphunzitsa aphunzitsi masiku awiri kuti ana a pulayimale angathe kuchita kafukufuku okha, kufunsa anzawo mafunso ndi kuona ngati sukulu yawo ikuyenda bwino. Anajambulitsa zithunzi, anagawa mabolopeni, anapita. M'sukulu zina nkhaniyo inathera pa mabolopeni omwewo. Koma Wadi anali munthu woti ukamuuza chinthu mongocheza, iye amachisenza pamutu. Anasankha ana khumi ndi awiri a Sitandade 7 n'kuwapatsa funso limodzi: n'chifukwa chiyani ana a mudzi uno amajomba kusukulu? Anawo anayenda awiriawiri, padoko, pamjigo, kumadrasa ndi m'makomo. Zimene anapeza anazilemba m'buku lachikuto cholimba, ndipo Lachinayi lotsatira anayenera kukaziwerenga okha kusukulu pamaso pa makolo, mafumu ndi komiti ya padoko.

"Atabwera kudoko ndi timakope tawo ndinaseka," anatero Nasir. "Ndinawapatsa ndi usipa womwe. Ndimati ndi masewera a kusukulu. Mlungu wathawu ndinamva Tatu akuyeserera kuwerenga kuseri kwa nyumba. Tatu, mwana wanga wobereka ndekha. Akuti mwini khoka wina amagwiritsa ntchito ana a sukulu kukoka khoka m'mamawa. Mwini khoka wina. Padoko pathu pali makoka angati?"

Analipo awiri, limodzi la Nasir, ndipo linalo linali long'ambika chiyambire mwera wa chaka chatha.

"Lamulo loletsa ana kukoka khoka limene komiti inaika mukulidziwa. Akamva pagulu, pamaso pa mafumu, sangachitire mwina, khoka alanda. Ndiye mudya chiyani inu ndi anawa? Alamu apita. Inu muli mu eda."

Apa ndiye anagunda pachilonda. Miyezi inayi ndi masiku khumi Hidaya sakanatha kutuluka pakhomo, monga chipembedzo chimafunira kwa mkazi woferedwa. Geni yake yoyanika usipa n'kukagulitsa kuboma inali itaima. Ana awiri aang'ono anali pakhomopo, ndipo mwana sadziwa kuti kwagwa maliro ikafika nthawi ya nkhomaliro. Chiyambire Lachisanu, m'mawa uliwonse mayi wina wogwira ntchito pathandala loyanikira usipa la Nasir ankatula beseni la nsomba ndi kathumba ka ufa pakhonde. Wina woti angachite zimenezi panalibe.

"Sindikukuopsezani ayi," anatero Nasir akuimirira. "Chibale ndi fupa, sichiola. Koma nanunso mundiganizire. Ahedi sangalowe muno kudzalankhula nanu, ndiye atuma ana kudzatenga bukulo. Lisachoke lili choncho. Ndibwera Lachitatu."

Anavala kofia yake n'kutuluka, ndipo Hidaya anamumva akuthokoza amayi a miphika aja mwaulemu wonse.

* * *

Lolemba achibale a Wadi ochokera ku Katuli anagawana katundu wa malemu. Sanachedwe, popeza katundu wa mphunzitsi sachedwetsa anthu. Njinga inapita kwa mng'ono wake, wailesi kwa amalume ake, makanzu awiri ovala kumzikiti ndi jekete la pamsonkhano kwa adzukulu. Azakhali ena okalamba anakoka katoni ija n'kusuzumiramo.

"Mapepala awa ali ndi ntchito? Ndikanakakulungira zitumbuwa."

Hidaya anangotsala pang'ono kuvomera. Zikanakhala zosavuta. Bukulo likanakwera lole ya ku Katuli, likanathera pamsika tsamba ndi tsamba, lili noninoni ndi mafuta, ndipo palibe akanamuloza chala. Koma mlamu wake wamng'ono anayankha iye asanaganize bwino.

"Siyani, azakhali, ndi za boma zimenezo. Mungamangidwe nazo."

Azakhaliwo anaikankhira katoniyo pansi pa tebulo ndi phazi, mofulumira.

Alendo atachoka nyumba inakula. Hidaya anakhala moyang'anizana ndi katoniyo, ndipo chimene anamva mumtima sichinali chisoni chokha. Anali wokwiya. Zaka khumi ndi zinayi anakhala ndi mwamuna amene anakwatira sukulu poyamba, iye pambuyo. Loweruka lililonse la temu yathayo khonde lake linkadzaza ana khumi ndi awiri, akukangana, akujambula pansi ndi makala, akumaliza chinangwa chimene iye anaphikira banja. Denga la kukhitchini linkadontha chiyambire dzinja, ndipo Wadi ankati alikonza kafukufuku akatha. Tsopano munthu wagona kumanda mwamtendere, denga likudonthabe, ndipo mlandu wa kafukufuku wake wausiyira mkazi amene sangathe n'kutuluka pakhomo pomwe. Ankamukonda, inde. Koma akanadzuka tsiku limenelo akanamva mawu.

Lachiwiri m'mawa beseni silinabwere.

Anadikira mpaka dzuwa litafika pamutu. Palibe anabwera kudzanena kuti nyanja inali yoipa kapena kuti mayi uja wadwala. Nyanja inali bwinobwino, mainjini ankamveka kuchokera kudoko. Hidaya anakokota ufa wotsala, anathyola chisoso kuseri kwa bafa, ana anadya. Wamng'ono anafunsa za nsomba, iye anamuuza kuti adye msanga. Uthenga anaumva, ndipo sanamuone mchimwene wake ngati munthu woipa. Nasir ndi amene anagula nsalu ya maliro, ndi amene anaphera anthu mbuzi pasadaka. Anangofuna kumukumbutsa kumene ndiwo zimachokera, ndipo anamukumbutsadi.

Madzulo a tsikulo anafunafuna m'kabati n'kupeza lezala latsopano la malemu. Analiika patebulo. Tsamba limodzi. Ana akawerenga zotsalazo, anthu aomba m'manja, mafumu ayamikira, ndipo moyo upitirira. Anali atatopa kwambiri moti maganizo amenewa anamupatsa mpumulo.

* * *

Tatu anafika Lachitatu ataweruka, ali mu yunifolomu, mpango wakuda kumutu. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, wamtali ngati bambo ake, wosathamangira kuyankhula. Anavula masilipasi pakhomo n'kugwada.

"Azakhali, ahedi andituma. Akuti pepani, akupempha buku lija. Akuti msonkhano sausintha chifukwa aphunzitsi ndi amene anasankha tsikulo."

"Tenga pansi pa tebulopo. Khala apa."

Mtsikanayo anatulutsa bukulo. Maso ake anagwera pa lezala. Asanakhale bwino panamveka odi, Nasir n'kulowa. Ataona mwana wake anapukusa mutu.

"Wofufuza wafika," anatero. "Moni, a bwana."

Tatu anayang'ana pansi.

"Musamunyoze mwana, achimwene," anatero Hidaya. "Khalani. Tatu, ndiuze. Zimene mwalembazi munazidziwa bwanji? Kapena munangomva m'maluwa?"

"Ayi, azakhali. Tinayamba ndi kufunsa ana amene amajombajomba. Aliyense timamuuza kuti akhoza kukana, ndipo dzina lake sitilemba. Zifukwa zimene anatchula tinazijambula pa makatoni. Bwato, mbale yopanda kanthu, chimbudzi chopanda chitseko, ndi zina. Kenako mwana aliyense timamupatsa mbewu zitatu za chimanga. Amalowa yekha kuseri kwa chiguduli n'kuika mbewu pa chithunzi chimene chimamujombetsa iyeyo. Pomaliza tinawerenga mbewu."

"Chimanga," anatero Nasir. "Khoka langa lilandidwe chifukwa cha chimanga."

"Tinabweranso kudoko masiku asanu, ababa, kudzaona ndi maso. Aphunzitsi ankati tisakhulupirire njira imodzi."

"Ndipo unaona chiyani? Unaona ndikumanga mwana ndi chingwe? Amabwera okha. Ena kwawo sagona atadya. Mbale ya nsomba imene ndimawapatsa ndi imene imadyetsa agogo awo. Zimenezo munalemba?"

"Tinalemba, ababa. Zili pamzere wachitatu."

Nasir anatembenukira kwa mlongo wake.

"Chemwali, nthawi ikupita."

"Ndionetse tsamba lake, Tatu."

Mtsikanayo sanachite kufufuza. Anatsegula pomwepo n'kupereka. Pamwamba panalembedwa kuti Chifukwa Chachiwiri, ndi zilembo zozungulira bwino za mwana wosamala. Hidaya anawerenga mizere iwiri n'kusiya. Zinali monga ananenera Nasir. Anafutukula lezala m'kapepala kake.

"Azakhali," anatero Tatu chapansipansi, "mukadula limenelo mudulanso la kuseri."

"Kuseri kuli chiyani?"

Hidaya anakweza tsambalo, ndipo kuwala kwa pawindo kunaonetsa inki yofiira mbali inayo. Analitembenuza n'kuwerenga, milomo ikuyenda.

"Werengani mokweza," anatero Nasir. "Kapena ndi za ine ndemwe?"

Anawerenga mokweza, pang'onopang'ono.

"Chifukwa Choyamba. Mbewu makumi asanu ndi anayi kudza zinayi. Ana akuti akachedwa, pali mphunzitsi wina amene amaima panjira yolowera kusukulu ndi ndodo. Amakwapula zitatu osafunsa chifukwa. Ena amachedwa chifukwa cha mzere wa pamjigo, ena amayamba aperekeza ang'ono awo. Ndiye mwana akaona kuti dzuwa lakwera amangokhotera kunyanja, chifukwa kunyanja sakwapula ndipo amapatsa nsomba."

Anaima. Mawu akuti mphunzitsi wina anali odulidwa ndi mzere wofiira, ndipo pamwamba pake panali dzina, lolembedwa ndi dzanja lopendekera limene iye akanalizindikira paliponse. Aphunzitsi Y. Wadi.

Nasir anaseka, kuseka kopanda chimwemwe.

"Mwaona? Ana awa alibe ulemu ngakhale kwa mwini wake amene anawapatsa mabolopeni. Dulani, chemwali. Lezala limodzi, tonse tapulumuka. Munthu tamuika dzana dzanali, mashehe anamuyamikira, ahedi analira pagulu. Mawa ana akaime pabwalo kunena kuti ndiye amathamangitsa ana kusukulu? Sangadziyankhire. Chimene wakusiyirani ndi dzina lokha basi. Njinga yapita, wailesi yapita. Mulole dzinalo lipitenso?"

Sanali kunama. Hidaya anaona m'maganizo amayi a pamjigo akunong'onezana, anaona ana ake akukula ndi nkhani yoti bambo awo anali wa ndodo. Tsopano kudulako kunali ndi chifukwa chabwino, choti akanatha kuchinena kwa aliyense osachita manyazi. Anagwira lezala bwinobwino n'kuliika m'mphepete mwa ulusi. Chimene chinamuimitsa chinali inki yofiirayo.

"Tatu, dzinali analemba liti?"

"Tsiku limene tinawapatsa bukuli kuti aone. Ife tinatsata lamulo, sitinalembe dzina la munthu. Tinakangana kaye ngati tilembe n'komwe za ndodozo. Mnzathu Gloria ankati tisiye, atikwapula tonse. Koma mbewu zinali zambiri, sitikanatha kuzibisa. Aphunzitsi anawerenga tsamba lonse. Tinkaopa. Kenako anatifunsa ngati tinawerenga mbewuzo kawiri. Tinati katatu."

"Ndiyeno?"

"Anatulutsa bolopeni. Anati lamulo lobisa maina ndi loteteza munthu amene sanavomere, koma iwo avomera. Anati tikangoti mphunzitsi wina, makolo adzayamba kuloza aphunzitsi osalakwa. Ndiye anati pamsonkhano tidzayambire tsamba limeneli, ndipo iwo adzakhala kutsogolo."

Hidaya anakumbuka tsiku lina mwezi watha pamene mwamuna wake anabwera masana n'kukhala pakhonde osakhudza chakudya. Anamufunsa ngati akudwala, iye anati ayi, wangophunzira kanthu kena mochedwa. Hidaya anaganiza kuti ndi nkhani za malipiro ndipo sanafunsenso. Tsopano zinamupweteka kuti sanafunse.

Anabweza lezala m'kapepala kake, n'kupinda bwinobwino.

"Chemwali."

"Sinditha, achimwene."

"Simutha chiyani? Pepala?"

"Mwini wake analiona tsambali. Lezala anali nalo, ndi lakeli. Akanafuna akanadula yekha, palibe akanadziwa. Ine ndidule lero chifukwa sangandiletse?"

"Nanga ine? Ine ndavomera liti?"

"Inu dzina lanu mulibe. Pitani mawa mukakhale kutsogolo. Mukanene za mbale ya nsomba ija, mukanene kuti ana adzibwera akaweruka. Mwina akumverani."

"Mwina." Nasir anaimirira, ndipo nkhope yake inali ya munthu wotopa osati wolusa. "Mwina sadyetsa ana, Hidaya. Khoka likapita musadzati sindinanene. Ndipo ngakhale lisapite, ine ndaona pamene ndili pakhomo pano. Munthu wakufa wandiposa."

"Ndamva, achimwene."

Nasir anadikira pang'ono, ngati kuti mlongo wake awonjezera mawu ena. Hidaya anadziwa kuti beseni silibwera mawa, mwina mwezi wonse, ndipo sanadziwe chimene adzaphike Lachisanu. Mantha anali nawo, sanachoke. Nasir anayang'ana mwana wake, anapukusa mutu kachiwiri, n'kutuluka osatsanzika.

Tatu anali akulira mwakachetechete, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja.

"Ugona konkuno lero," anatero Hidaya. "Ndituma uthenga kwa amayi ako. Bambo ako si chilombo, koma asiye aone kaye pogwira."

"Ine sindimafuna kuwachititsa manyazi, azakhali."

"Ndikudziwa. Leka kulira, unyowetsa buku."

Kusukulu, kuseri kwa mitengo ya mango, ana otsalira ankamenya mpira. Hidaya anayang'ananso tsamba lija. Panali funso limene linamuvuta kufunsa, chifukwa yankho lake ankaliopa.

"Ndiuze zoona, Tatu. Atawerenga zimenezi, anasiya?"

"Anasiya. Ankaimabe panjira paja, koma ndi kope. Wochedwa ankamufunsa chifukwa n'kulemba, kenako n'kumuuza kuti athamange." Mtsikanayo anazengereza. "Kupatula tsiku limodzi."

Analoza m'munsi mwa tsambalo. Panali mzere wina waung'ono, wa inki yabuluu, umene Hidaya sanauone poyamba. Lolemba pa 9, aphunzitsi akwapulanso mwana mmodzi, ziwiri.

"Anawaneneza ndani?"

"Palibe. Ife sitinaone n'komwe, tinali m'kalasi. Anabwera okha pa buleki, bukuli lili m'manja. Anati, Tatu, ndalakwitsa m'mawa uno, lemba. Ndinati aphunzitsi, kamodzi kokha sikofunika. Anati wofufuza sasankha zolemba. Ndiye anaima pambali panga, manja ali kumbuyo, mpaka nditamaliza."

Hidaya anaseka pang'ono, misozi ikutsika. Anamuona bwinobwino mwamuna wake m'maganizo, wamtali, jekete lodzaza choko, ataima ngati mwana wolakwa pafupi ndi desiki ya mtsikana wa Sitandade 7.

"Mzere umenewonso ukawerenge mawa," anatero. "Usathamange. Ine sindingabwere, koma zenera loyang'ana kusukululi ndilisiya lotsegula."

Anatseka bukulo, anapukuta fumbi la pachikuto ndi nsonga ya mpango wake, n'kulipereka kwa mtsikanayo ndi manja awiri.